Nyumba yomwe ndinamangira amayi panjira ya Napolo

Kuseri kwa nyumba ya malemu agogo, kwathu ku Phalombe mmunsi mwa phiri la Michesi, kuli chimwala chachikulu ngati minibasi. Pamwamba pake ndi posalala bwino nde amayi ankayanikapo makaka, nthawi zina ufa akachoka kuchigayo. Tili ana imeneyo inali galimoto yathu, ine dalaivala mlongo wanga kondakitala, tsiku lililonse ulendo wa ku Limbe koma osafika.

Aliyense pamudzi amadziwa kuti mwala umenewu sunamere pamenepo. Unabwera ndi Napolo, matope ndi miyala yotsika mphiri yomwe akuluakulu amati ndi chinjoka chikusamuka, pa 10 Malichi 1991, nthawi ya Kamuzu, Phalombe isanakhale boma payokha tikadali pansi pa Mulanje. Ine ndinali ndi zaka zitatu, sindikumbuka kanthu, ndimangodziwa zomwe ankakamba akuluakulu kuti kunapita anthu mazanamazana ndipo ena mitembo yawo sinaoneke mpaka lero. Koma nkhani ukaimva kambirimbiri uli mwana imasanduka nthano. Kwa ine Napolo anali mgulu limodzi ndi kalulu ndi fisi, zokamba madzulo pamoto.

Nde mu 2021 ndinawamangira amayi nyumba pafupi penipeni ndi mwala umenewo, ukaima pakhonde umatha kuuponyera chitsononkho.

## Malata 38

Ndimagwira ntchito ku Lilongwe, simalipiro oti nkudzitama nawo ayi, koma ndinatenga loni kuntchito nkuphatikiza ndi tomwe ndinkasunga, cholinga amayi achoke mnyumba yaudzu ija yomwe chaka chilichonse timagulira pepala lapulasitiki. Njerwa zootcha, simenti, malata 38, mawindo agalasi. Amene munamangirapo kholo lanu mukudziwa mmene mtima umakhalira, umayenda pamudzi ngati DC.

Malo ndinasankha ndekha ndipo ndinkaona ngati ndaganiza mwanzeru kwambiri. Pamalo pake panali pabwino posafuna kusalaza, kamtsinje kali pafupi nde madzi oumbira njerwa sanativute, mchenga waulere, ndipo miyala ya fawundeshoni sitinagule olo wilibala imodzi, tinkangotola pompo. Ndinkachita kuwauza anzanga kuntchito kuti kwathu miyala ndi yaulere aise. Sindinadzifunse kuti yaulereyo anaitula ndani.

Tsiku lomwe amisiri amakhoma zikhomo ndi kumanga chingwe kunabwera amalume panjinga. Ndi achimwene awo a amayi, eni mbumba, munthu wosalankhulalankhula. Anatsamiritsa njinga pamtengo wa mango nkumayang'ana chingwe chija nthawi yaitali.

"Mphwanga, wakhoma zikhomo pakati pamsewu."

Ndinati msewu wanji amalume, pano mpamunda pa agogo.

"Msewu wa mwini phirili. Akafuna kupita kunyanja amadutsa pompano."

Ndinaseka, ndikuvomera. Ndinati amalume za njoka zija nzakale, nthawi imeneyo nyumba zinali zadothi, pano tikumanga ndi simenti. Iwo anangoloza chimwala chija nkundifunsa kuti kodi uwo unabwera pawilibala? Kenako anatenga njinga yawo nkumapita.

Ndipo pali china chomwe ndimachita nacho manyazi kwambiri kuposa kusekako. Mumtima ndinkati akuluwa akufuna malowa adzawapatse ana awo, akungonamizira Napolo. Nkhani za malo kwathu kuno mukuzidziwa, munthu sungakhulupirire olo mbale wako. Ndinawauzanso amayi choncho, iwo sanayankhe.

## Lamlungu lija

Freddy tinamumva akubwera kalekale. Namondwe ameneyu anayambira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale 2023, anaoloka nyanja yonse ija, kumenya Madagascar, kumenya Mozambique, kubwerera kunyanja nkudzalowanso cha ku Quelimane Loweruka pa 11 Malichi. A zanyengo anachenjeza ndithu, pawailesi, pa WhatsApp, paliponse, palibe anganene kuti sanamve. Uthenga wake unali womwe tinauzolowera uja, amene muli malo otsika ndi mmbali mwa mitsinje samukirani kumtunda.

Nde ife tinali kale kumtunda. Idai mu 2019 tinamuona, Ana mu Januwale 2022 yemwe anagumula damu la ku Kapichira tinamuona, Gombe naye, ndipo mmutu mwanga madzi osefukira inali nkhani ya ku Nsanje ndi Chikwawa, ya anthu a ku Makhanga, kapena kwathu komweko a kudambo kufupi ndi Chilwa. Ife a mmunsi mwa phiri timaopa mphepo kusasula denga basi.

Lamlungu madzulo ndinawaimbira amayi. Mvula inkamveka pafoni ngati munthu akukazinga chimanga pamalata. Anati mwanawe mvula iyi siinaleke chiyambire dzulo, nyumba za anthu zayamba kugwa. Ndipo ine, ndili phee pampando ku Area 25 kunja kukungowaza, ndinati:

"Amayi inu musatuluke. Nyumba imeneyo ndi yolimba, singagwe. Auzeni a nyumba zadothiwo abwere adzagone kwanuko."

Anandimvera. Mnyumba muja munagona amayi, ana awiri a mlongo wanga, ndi mayi wina woyandikana nafe ndi khanda lake. Lolemba mmawa foni yawo inali itazima, magetsi kunalibe, netiweki nayo inapita. Tsiku lomwelo zithunzi za ku Chilobwe zinayamba kuzungulira, phiri la Soche litatsika ndi matope ndi miyala pa nyumba za anthu, madzulo ake a Chakwera nkulengeza kuti chigawo cha kummwera kwagwa tsoka. Ndinayang'ana kavidiyo kamodzi, chimwala chili pakati pa nyumba ya njerwa zootcha ngati yathu yomwe, ndipo mmimba munangoti zii. Ndinaimba kambirimbiri usiku umenewo, mayi wa pa foni uja kumangondiuza kuti nambala yomwe mwaimbayi siikupezeka.

## Mtsinje unakhala chete

Izi ndinachita kuuzidwa, koma ndazimva kwa anthu atatu ndipo onse amanena chimodzimodzi.

Lolemba usiku amalume sanagone. Ankangotuluka ndi tochi kukamvetsera kamtsinje kaja, komwe masiku awiri onsewo kankalira ngati chigayo. Nthawi ina atatuluka anapeza phokoso lachepa, madzi atsika, chonsecho mvula ikukhuthuka kuposa kale. Ndipo akuti kunkamveka fungo la dothi lofukulidwa kumene ndi mitengo yothyoka, ngati pomwe padutsa thalakitala. Mu 91 anali mnyamata wamkulu kale, fungo limenelo ankalidziwa.

Anathamanga kukagogoda kwa amayi. "Mlongo tulukani, mtsinje wakhala chete." Amayi anakana. Anati mwana wanga wanena kuti tisatuluke, nyumbayi ndi yolimba, komanso usiku uno ndi mvula imeneyi tipita kuti ndi ana. Amalume sanatsutsane nawo. Anangolowa, kunyamula kamwana kakang'ono ka mlongo wanga pamphasa kali mtulo, kukaponya kumsana nkutuluka. Nde gogo wake wa mwana angatsale? Onse anawatsatira akuwakalipira.

Sanathawire kumunsi ndipo sanakwere phiri. Anadula chammbali, kulowera ku kamtunda komwe kuli tchalitchi ndi manda, akugogoda makomo omwe akanatha. Akuti ola silinakwane chifikireni. Amayi amati kunamveka ngati malole ambirimbiri akutsitsa miyala nthawi imodzi, pansi pakunjenjemera, mumdimamo kumaoneka moto miyala ikamawombana. Kenako zii, mvula yokha.

Mabanja ena kumunsi kwathu sanatuluke. Ena tinawaika, ena mpaka lero timangoloza kuti nyumba yawo inali apa. Mayina sinditchula, eni ake alipo ndipo akulirabe.

## Amalume andiwerengera miyala

Ndinafika patatha masiku asanu, minibasi, kabaza, kwinako wapansi chifukwa milatho inali itapita. Amayi ndinawapeza kukampu pasukulu atafunda bulangeti la eni, titaonana sanalire, anangondigwira dzanja nkunena kuti malata ako aja mwanawe. Ngati kuti olakwa ndi iwo.

Mmawa mwake amalume anati tiye ukaone. Ndinkayembekeza kuona nyumba yakugwa, zipupa pansi, denga litaphwasuka. Kunalibe nyumba yakugwa. Kunali mchenga ndi miyala basi, chigwa chonse chayera ngati mtsinje wouma, mitengo yosendeka makungwa itagona uku ndi uku. Chomwe chinandiuza kuti ndaima pakhomo ndi sitepe ya pakhonde ndi kangodya kamodzi ka fawundeshoni. Mango uja kunalibe. Chimwala cha makaka chinali pomwepo, koma chitapeza anzake, china chachikulu kuposa icho chitakhala ndendende pomwe panali chipinda cha amayi.

Ndinakhala pansi. Amalume anandisiya kaye, kenako anati dzuka ndikuonetse kanthu. Ndinkadikira mawu aja oti ndinakuuza, ndipo ndikanawalandira, koma sanawanene.

Anagwira mwala umodzi woyera, wokalikakalika mmbali ngati wasemedwa dzulo. "Uwu ndi wa sabata yatha." Tinayenda pang'ono, anagwira chimwala chathu chija, chotuwa, chayamba kuda mmbali. "Uwu ndi wa 91, ndinauona ndi maso anga mmawa wake." Kenako ananditengera kuseri, kumalire a munda, komwe kuli miyala ina yomwe ndakhala ndikuidutsa moyo wanga wonse, yakuda bii, ya ndere, yokwiririka theka mdothi, wina mpaka mkuyu unamera pamwamba nkuukumbatira ndi mizu.

"Nanga iyi anabweretsa ndani?"

Ndinati kaya, inalipo kale.

"Agogo ako anaipeza. Agogo awo anaipezanso. Koma mwala wobulungira chonchi sumera mmunda, mphwanga. Wachita kugubuduka."

Titakwera pa kamtunda ka tchalitchi paja anandiuza kuti nditembenuke. Ukaima pamenepo umaona bwinobwino pomwe kamtsinje kamatulukira mphiri, pampata wopapatiza, ndipo kuchokera pamenepo nthaka imatambasuka ngati lichero mpaka kumunsi. Njira yoyera ya sabata imeneyo inali mbali imodzi chabe ya licherolo. Kwina konseko, komwe kuli minda yathu, mijigo, nyumba, bwalo la mpira, kunali madonthomadontho a miyala yakuda ija. Mudzi wonse tinamanga pa katundu yemwe Napolo anatula maulendo akale. Ngakhale dothi lachonde lomwe timanyadira kuti nandolo ndi chimanga zimachita bwino, analibweretsa ndi iyeyo.

Ndipo pomwe tinaimapo, pamanda, panalibe mwala wobulungira olo umodzi. Amalume anati mudzi wakale unali kuno, anthu anatsika atachuluka komanso kutsata madzi. Akufa okha ndi omwe anatsala pamalo abwino.

Ndinafuna kupepesa, mawu anakanika. Iwo anangoti malata ena ndawaona kumunsi uko atakulungika pamtengo, angapo ndi owongoleka, tiye tikatole anthu asanatitolere.

Tinapeza asanu ndi limodzi.

## Njoka kapena dothi

Sindikunena kuti pano ndimakhulupirira kuti mphiri muli chinjoka. Zomwe zimachitika nzomveka ndithu. Mmapiri athuwa dothi ndi lochepa, lakhala pamwamba pa thanthwe pamalo otsetsereka. Mvula ikagwa masiku angapo osalekeza dothi lija limakhuta madzi, limalemera, pansi pake pamaterera, kenako limanyamuka ndi mitengo ndi miyala yomwe. Likagwera mumtsinje pampata limatseka ngati damu, nchifukwa chake kumunsi madzi amachepa mwadzidzidzi, ndipo damulo likaphulika chomwe chimatsika ndi phala la matope lolemera moti miyala ngati minibasi imayandama. Ku Nkhulambe, mboma lathu lomweli, kunagwa mvula yoposa mamilimita 1,000 mmasiku anayi okha. Imeneyo ndi mvula yomwe madera ambiri mMalawi muno amalandira chaka chathunthu.

Koma taonani zomwe nthano ija imanena. Imati Napolo amakhala mphiri, ali ndi njira yake, amapita kunyanja, ndipo amabweranso. Chotsanipo njokayo, zotsalazo nzoona zonse. Ine ndi satifiketi yanga ndinamva mawu oti njoka nkutaya uthenga wonse, amalume omwe analekeza Sitandade 5 anasunga njira, fungo, ndi kukhala chete kwa mtsinje.

Za mitengo nazo ndinenepo, chifukwa Freddy atangodutsa aliyense pa Facebook anasanduka katswiri, akuti ndi makala, mwadula mitengo nde mukolole. Zoona mapiri tawameta, ndipo phiri lopanda mitengo madzi amathamanga kwambiri, sindikukana. Koma Napolo anagwa ku Zomba mu 1946 phiri lili ndi nkhalango yake, ndipo mitengo yomwe ndinaiona itagona mmunda mwathu inali ikuluikulu yozuka ndi mizu yomwe. Tibzale mitengo inde, ineyo ndabzala nawo, koma munthu asakunamizeni kuti mukabzala mbande 200 ndekuti mutha kugona pampata pa phiri mvula ya masiku anayi ikugwa.

## Samukani, kupita kuti?

Lamulo loyamba loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi mdziko muno linabwera mu 1991, chifukwa cha Napolo wa kwathu yemweyu. Latsopano linadutsa ku Nyumba ya Malamulo mu 2023 Freddy atapha anthu oposa 1,000 tikawerengera omwe sanapezeke, nkusiya oposa 600,000 opanda pokhala. DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zoterezi, ilipo, makomiti a mmidzi aliko, ena anapatsidwa mawezulo ndi zimkuzamawu. Zonsezo nzabwino. Koma chenjezo likamabwera limatchula boma lonse, akuti Phalombe, Mulanje, Chiradzulu, pomwe mboma limodzi lomwelo muli anthu oopa zinthu zosiyana. Wa kudambo la Chilwa akuopa madzi okwera pang'onopang'ono, ameneyo kumtunda nkwabwino. Wa mmunsi mwa Michesi kapena Mulanje chomupha chikuchokera kumtundako, ukamuuza kuti thawira kumtunda wamutuma kukakumana nacho. Iye ofunika kumuuza kuti choka pa lichero, dula chammbali, ndipo adziwiretu kuli dzuwa kuti mbali yake ndi iti.

Zimenezo sizingalembedwe ku Lilongwe. Zimafuna munthu ayende mudzi ndi mudzi ndi madala ngati amalume, awerenge miyala, apake penti kuti kuyambira apa mpaka apo musamange, mvula ikapitirira masiku awiri kagoneni kutchalitchi. Madala amenewa akutha, ndipo a msinkhu wanga ambiri ali ngati mmene ndinalili ine.

Kwinako nkovuta zenizeni. Anthu a mtauni amakonda kunena kuti anthu akumudzi ndi osamva, boma likawauza kuti samukani amabwerera. Ine ndimangoti mwayesapo kunyamula munda? Ku Phalombe malo ndi ochepa, paliponse pali mwini wake, ukasamuka ukapempha pomanga nyumba mwina akupatsa koma polima ayi. Ndiponso chaka chotsatira, 2024, kunabwera ng'amba ya El Niño mpaka maboma 23 mwa 28 analengezedwa kuti muli tsoka, ndipo omwe anapezako kachakudya kwathu ndi omwe analima kufupi ndi kamtsinje komweko, pachinyontho. Malo omwe amakupha kamodzi pa zaka makumi atatu ndi omwewo amakudyetsa zaka zinazo. Nde munthu asankhe chani? Komanso pankhani yathuyi wosamva sanali wakumudzi, anali ine wa mtauni, wa foni ya intaneti.

## Pano

Amfumu anatipatsa kamalo pa kamtunda paja, kufupi ndi manda. Tinamanga ya zipinda ziwiri, njerwa zake zootcha koma zomangira dothi, chifukwa kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 simenti inasanduka ya anthu ena. Padenga pali malata asanu ndi limodzi opindikapindika aja, amadontha pang'ono mmabowo akale, amayi amaikapo beseni. Loni ija ndinamaliza kubweza nyumba yake kulibe, mwezi uliwonse ndikaona pa pepala la malipiro ndinkangoti chabwino.

Amayi amadandaula tsiku lililonse. Akuti mjigo uli kutali, mphepo ndi yambiri, ndipo aneba awo ndi akufa okhaokha sabwereka mchere. Munda akulimabe womwewo, anachotsa mchenga pomwe akanatha nkubzala chinangwa ndi nandolo pakati pa miyala. Ulendo wapitawu ndinawapeza atayanika makaka pa chimwala chatsopano chija, chomwe chinakhala pachipinda pawo. Ndinati amayi zoona? Anati nanga nditani, ichi ndiye chosalala bwino kuposa chakale chija, ndipo mbuzi sizikwerapo.

Tinagwirizana chimodzi chokha, kuti kuyambira Disembala mpaka Epulo kumunda kuja sagonako olo mvula iwapezere komweko, ndipo ana a mlongo wanga akudziwa njira yodula chammbali, amalume anawayendetsa kawiri usiku ndi tochi. Ndinawagulira amalumewo kafoni ka mabatani kosunga moto sabata yathunthu ndi kasola kochajira.

Mvula ikagwa masiku awiri kummwera sindiwaimbiranso amayi kuwauza zochita. Ndimaimbira amalume, nthawi zina 1 koloko usiku, ndipo sadandaula. Ndimamva akutsegula chitseko, mvula pamalata, kenako kachetechete akumvetsera.

"Ukumveka amalume?"

"Ukulira bwinobwino mphwanga. Kagone."